Zofunika kudziwa poika sola pakhomo

Chiyambireni kuthimathima kwa magetsi, makamaka namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, madenga ambiri mu mzinda wa Blantyre asanduka malo okololera dzuwa. Ku Namiwawa, Chilomoni, Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri mapanelo akungonyezimira, ndipo m'masitolo a ku Limbe ndi m'kati mwa tauni zipangizo za sola zili mbwee. Komatu magetsi a dzuwa ndi magetsi ndithu: amagwira, amawotcha, ndipo angathe kupha ngati a Escom omwe.

Panelo sizima dzuwa likuwala

Panelo ilibe pozimitsira. Kuwala kukangoigwera, ngakhale tsiku la chiperoni, imayamba kutulutsa magetsi. Panelo imodzi yaikulu imatulutsa mavoti apakati pa 40 ndi 50, koma khumi zikalumikizidwa mondondozana mphamvuyo imafika pa 400 kapena 500, kuposa mavoti 230 a m'soketi ya m'nyumba.

Magetsi a panelo ndi a mtundu wa DC, oyenda mbali imodzi osasinthasintha. Mawaya akalekanitsidwa magetsiwa ali m'kati moyenda, pamabuka lawi lomwe silizima msanga, ndipo lingathe kusungunula pulasitiki n'kuyatsa denga. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amaphimba mapanelo ndi chinsalu chosalowa kuwala, amazimitsa switchi ya DC, kenako amayeza ndi mita asanagwire waya.

Ngozi ya padenga

Panelo yaikulu imalemera makilogalamu oposa 20, ndipo mphepo ikaiwomba imakoka ngati thanga la bwato. Iyenera kunyamulidwa ndi anthu awiri, makwerero atamangidwa kapena wina atawagwirizira. Wokwera avale nsapato za mphira, magolovesi ndi lamba womangirira ku chinthu cholimba, ndipo aponde motsata mzere wa misomali, pomwe pansi pake padutsa mtengo. Malata adzimbiri ndi madenga a asibesitosi a m'nyumba zina zakale amaboweka mosachenjeza, komanso fumbi la asibesitosi limawononga mapapo likapumidwa poboola.

M'madera othithikana monga Ndirande ndi Mbayani, nthambo za Escom zimadutsa pafupi ndi madenga. Chitsulo cha m'mbali mwa panelo kapena makwerero achitsulo zikakhudza nthambo yotere, munthu amagwidwa nthawi yomweyo. Ntchito ya padenga isagwiridwe kukugwa mvula, kukuwomba chimphepo kapena kukuchita ziphaliwali.

Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adaonetsa anthu a mu Blantyre ukali wa mvula ya mkuntho. Panelo yongotsamiritsidwa ndi njerwa kapena yomangidwa ndi waya wamba ingathe kuuluka n'kuvulaza woyandikana naye nyumba. Imangidwe ndi mabawuti pa zitsulo zogwira mitengo ya denga, itapendekekera kumpoto komwe dzuwa limadzera kwa miyezi yambiri kuno kwathu, ndipo pansi pake pasiyidwe mpata wodutsa mpweya. Zitsulozo zilumikizidwe ku waya wopita m'nthaka, ndipo paikidwe chipangizo choteteza ku mphenzi.

Batire ndi mawaya

Moto wambiri wa sola umayambira pa waya woonda, polumikizira polobodoka kapena pa batire lopanda fyuzi. Batire limodzi la mavoti 12 lingathe kufiiritsa sipanala yomwe yagwera pa mitu yake iwiri. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, ndipo wogwira ntchitoyo avule mphete ndi wotchi yachitsulo. Pa sola yaing'ono, batire ndilo limayamba kulumikizidwa ku kontirola, panelo pambuyo. Pomasula, panelo ndiyo imayamba kuchotsedwa.

Mabatire a asidi amatulutsa mpweya wa hydrogen akamatchajidwa, ndipo mpweyawu umaphulika ukakumana ndi moto. Asaikidwe kuchipinda chogona, pafupi ndi mbaula, kandulo kapena silinda ya gasi, koma pamalo podutsa mphepo, pomwe ana safikapo. Mabatire a lithium nawo safuna kutentha, kuboola kapena tchaja yosagwirizana nawo. Batire likatupa, likatentha kwambiri kapena likayamba kununkha, lizimitsidwe msanga ndipo mmisiri aitanidwe.

Batire lakutha lisaswedwe pakhomo kapena kutayidwa m'mitsinje monga Mudi ndi Naperi. Muli mtovu, womwe umawononga ubongo wa ana. Libwezedwe kwa ogulitsa kapena kwa osonkhanitsa mabatire akale.

Moyo wa ogwira ntchito pa nthambo

Nyumba yomwe ili ndi magetsi a Escom komanso invata iyenera kukhala ndi switchi yosinthira, yolekanitsa magwero awiriwa. Ena amangolumikiza invata m'soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iyake. Kutero kumabweza magetsi m'nthambo za kunja, ndipo wogwira ntchito yemwe wakwera pa pholo akudziwa kuti magetsi azimitsidwa angathe kufera pomwepo. Magetsi a Escom akabwerera mwadzidzidzi, invatayo imapsanso.

Kusankha mmisiri ndi katundu

Bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2004, ndilo limapereka ziphaso kwa oika magetsi ndi zipangizo za sola, pomwe la Malawi Bureau of Standards limaona za ubwino wa katundu. Safunsa adadya phula: mwininyumba apemphe kuona chiphaso cha mmisiri, alandire lisiti ndi chikalata cha chitsimikizo cha katundu, ndiponso aonetsedwe pozimitsira paliponse ntchito ikatha. Panelo ya galasi losweka kapena yopserera kumbuyo isagulidwe ngakhale itatsika mtengo chotani, chifukwa madzi akalowamo chitsulo chake chimagwira.

Potsuka fumbi la m'chilimwe, nthawi yabwino ndi m'mamawa galasi lisanatenthe, pogwiritsa ntchito madzi oyera ndi nsalu yofewa. Madzi ozizira pa galasi lotentha angathe kuling'alula, ndipo kuponda panelo kumaswa timagawo ta m'kati ngakhale kunja kukuoneka bwino.

Ngozi ikachitika

Munthu akagwidwa ndi magetsi asakhudzidwe ndi manja. Zimitsani kaye, kapena mukankheni ndi mtengo wouma mutaponda pouma. Ngati sakupuma, yambani kumupsinja pachifuwa uku ena akufuna galimoto. Pamalo popsa thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osapakapo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Asidi akagwera m'maso kapena pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yofananayo. Wovulalayo apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, poti magetsi amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Chipatala cha Queen Elizabeth Central chili ndi gawo losamalira anthu opsa.

Moto wa magetsi usathiridwe madzi. Gwiritsani ntchito chozimitsira moto cha ufa kapena mchenga wouma, tulutsani anthu onse m'nyumba, ndipo poitana ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda wa Blantyre muwauze kuti padenga pali mapanelo, chifukwa mawaya ake amakhalabe ndi magetsi kufikira dzuwa litalowa.