Kuteteza makutu ndi kukhala ndi vuto la kumva: zoyenera kudziwa pabanja ndi pamzikiti

Kumva ndi imodzi mwa ni'ma zikuluzikulu zomwe Allah anatipatsa, koma ambirife timaikumbukira ikayamba kutha. Kawirikawiri kumva kumachepa pang'onopang'ono, mwini wake osazindikira, mpaka anthu ayambe kunena kuti agogo sayankha salamu chifukwa cha matama, kapena kuti mwana uyu mutu wake sugwira ku madrasa. M'nkhani ino tifotokoza momwe khutu limagwirira ntchito, zomwe zimaliwononga, zizindikiro zoti kumva kwachepa, ndi momwe munthu angakhalire ndi kachipangizo kothandiza kumva.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 430 miliyoni ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo, ndipo 34 miliyoni mwa iwo ndi ana. Bungwe lomweli likuti pa ana 10 aliwonse a vutoli, pafupifupi 6 analipeza pa zifukwa zopeweka.

Momwe khutu limagwirira ntchito

Khutu lili ndi magawo atatu. Gawo lakunja ndi lomwe timaliona, pamodzi ndi kanjira kolowa mkati. Kanjirako kamathera pa mwinikhutu, kachikopa kopyapyala komwe kamanjenjemera mawu akakagunda. Kuseri kwake kuli gawo lapakati, momwe muli timafupa titatu ting'onoting'ono topititsa kunjenjemerako mkati. Gawo lamkati lili ngati chigoba cha nkhono, ndipo muli madzi ndi timaselo tokhala ndi titsitsi, tomwe timasandutsa kunjenjemera kuja kukhala uthenga wopita ku ubongo kudzera mu mtsempha wa kumva.

Vuto likakhala kunja kapena pakati, monga phula lotseka kanjira, mafinya, kapena mwinikhutu wobooka, nthawi zambiri limachizika ndi mankhwala, kutsuka kwa kuchipatala kapena opaleshoni. Koma timaselo tam'kati tija tikafa sitimeranso. N'chifukwa chake kuteteza kumaposa kuchiza.

Zomwe zimawononga kumva

Kwa ana athu, chachikulu ndi khutu lotuluka mafinya kwa nthawi yaitali. Ambiri timati ndi zaubwana, zidzatha zokha, pomwe mafinyawo akudya mwinikhutu ndi timafupa tija. Matenda ena ndi oumitsa khosi, malungo aakulu ofika ku ubongo, chikuku ndi matsagwidi. Mayi akadwala rubella ali woyembekezera, mwana atha kubadwa wosamva. Khanda lobadwa masiku asanakwane, lobanika pobadwa, kapena logwidwa chikasu chachikulu m'masiku oyamba, nalonso lili pachiopsezo. Kwinaku vutoli limayenda m'magazi a pamtundu.

Mankhwala ena amphamvu, monga jakisoni wa gentamicin, streptomycin ndi kanamycin, amatha kuwononga gawo lamkati. Kwinini nayenso amaliritsa makutu. Awa ndi mankhwala opulumutsa moyo, choncho tisawasiye patokha, koma khutu likayamba kulira kapena kumva kukachepa tili pamankhwala, tiwauze adokotala tsiku lomwelo.

Phokoso limawononga achinyamata ndi akulu omwe. Kukula kwa mawu kumayezedwa ndi muyeso wa dB. Kucheza kwa anthu awiri kumakhala pafupifupi 60 dB. Pa 85 dB, malire omwe akatswiri ambiri amaika ndi maola 8 patsiku, ndipo phokoso likakwera ndi 3 dB yokha, nthawi yabwinoyo imadulidwa pakati. Pofika 100 dB imakhala mphindi 15 basi. Ogwira ntchito pachigayo, owotcherera zitsulo, ocheka matabwa ndi makina, oyimirira pafupi ndi masipika paukwati, ndi okweza mahedifoni mpaka kumapeto, onsewa ali pachiopsezo. Muyeso wosavuta ndi uwu: ngati mukufunika kukuwa kuti munthu amene mungamugwire ndi dzanja akumveni, phokosolo lapyola malire.

Ukalamba nawo umachepetsa kumva, makamaka mawu opyapyala. Ndiye chifukwa chake wachikulire amati akumva kuti anthu akulankhula koma sakutolapo mawu, makamaka a amayi ndi ana.

Zizindikiro zofunika kuyang'ana

Wamkulu amayamba kufunsa kuti "mwati bwanji?" kawirikawiri, kukweza wailesi mopyola, kuvutika pafoni, kupendeketsa mutu kuti khutu limodzi liloze wolankhula, ndi kusowa chonena pagulu. Ena khutu limalira ngati nyenje usana ndi usiku. Ena amasiya kupita kumisonkhano ndi kumaliro chifukwa cha manyazi.

Khanda lakumva bwino limadzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Pofika miyezi 6 limatembenukira komwe kukuchokera mawu. Pofika chaka limayesa timawu monga "mama" ndi "baba", ndipo pofika zaka 2 limalumikiza mawu awiri. Mwana akachedwa pa izi, tisadikire ponena kuti bambo ake nawonso anachedwa kulankhula. Zaka zoyambirira ndi zomwe ubongo umaphunzira chilankhulo, ndipo zikadutsa sizibwerera.

Zina n'zofunika kuthamangira kuchipatala: kumva kukatha mwadzidzidzi, ngakhale khutu limodzi, khutu likamatuluka mafinya kapena magazi, kuseri kwa khutu kukatupa ndi kupweteka, kapena chizungulire chachikulu chikabwera limodzi ndi kusamva. Kumva kotha mwadzidzidzi kumakhala ndi mwayi wobwerera ngati mankhwala ayambika m'masiku oyambirira.

Momwe tingatetezere makutu

Tisalowetse kanthu m'khutu, kaya kamtengo ka machesi, nthenga ya nkhuku, kiyi, ngakhale timitengo ta thonje ta m'sitolo. Phula la m'khutu limateteza kanjira kaja ndipo limatuluka lokha. Kutokosa kumalikankhira mkati ndipo kutha kuboola mwinikhutu. Tisathiremo madzi a masamba kapena mafuta otentha. Kachilombo kapena kanjere kakalowa m'khutu la mwana, achotse ndi achipatala.

Ana alandire katemera yense ku sikelo, kuphatikizapo wa chikuku ndi rubella. Tigone m'masikito ndipo malungo tiwachize msanga. Mwana tisamumenye khofi pakhutu, kunyumba kapena ku madrasa, chifukwa mphepo ya khofiyo yokha imaboola mwinikhutu. Ogwira ntchito paphokoso avale zotsekera m'makutu zopangidwira ntchitoyo, ndipo a mahedifoni asapyole 60 pa 100 pokweza mawu.

Komwe kuli thandizo

Poyambira ndi chipatala chapafupi, komwe amayang'ana m'khutu ndi kachitochi ndi kulemba kalata yopitira kwa akatswiri. Kuyeza kumva kumachitika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Kuyezako sikupweteka, ndipo alipo makina oyezera ngakhale khanda lili mtulo. Kwa ana osamveratu ziliko sukulu zapadera monga Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Bungwe la MANAD limayimirira anthu osamva ndi kulimbikitsa chilankhulo chamanja.

Kukhala ndi kachipangizo kothandiza kumva

Kachipangizoka kali ndi maikolofoni yotola mawu, kachigawo kokweza mawuwo, kasipika ndi batire. Kofala kwambiri ndi kokhala kuseri kwa khutu, kolumikizidwa ndi kachikombole kopangidwa molingana ndi khutu la mwini wake. Katswiri amakatchera potengera zotsatira za kuyeza, chifukwa anthu sataya kumva mofanana. Choncho kubwereka ka mnzathu kapena kugula kokweza mawu pamsika kutha kuonjezera vuto.

Tidziwiretu kuti kachipangizo sikabweza khutu mwakale. Masabata oyamba mawu amamveka achilendo: mbale zimalira kwambiri, ndipo liwu la iwe mwini limamveka ngati la m'mgolo. Ambiri amakataya m'kabati pa nthawi imeneyi. Njira yake ndi kuyamba kukavala pamalo a zii kwa maola ochepa, kumaonjezera tsiku ndi tsiku, ndi kubwerera kwa katswiri kuti akakonze pomwe pakuvuta.

Mdani wake wamkulu ndi madzi. Tikavule tisanasambe, tisanapange wudhu, ndi pamvula, ndipo tipukute makutu aume tisanakabwezere. Usiku tikapukute ndi kansalu kouma, titsegule kachitseko ka batire, ndi kukasunga m'kabotolo kotseka bwino kokhala ndi timiyala toyamwa chinyontho. Mabatire ake amadziwika ndi manambala ndi mitundu: 10 ndi achikasu, 312 abulawuni, 13 aolenji, 675 abuluu. Amayamba kugwira ntchito mukamatula kapepala kake, ndipo amatha pakapita masiku angapo mpaka masabata awiri. Tiwasunge patali ndi ana, chifukwa kumeza kabatire ndi ngozi yofunika chipatala nthawi yomweyo. Zilipo zina zotchaja, koma wogula aganizire za magetsi a kwawo.

Kachipangizo kakamalira likhweru, nthawi zambiri kachikombole sikanakhale bwino kapena m'khutu mwadzaza phula. Kwa mwana, kachikombole kamafunika kusinthidwa pafupipafupi chifukwa khutu likukula.

Amene mwinikhutu wake ndi wobooka asalole madzi kulowa. Posamba atseke khutu ndi thonje lopakidwa Vaseline. Pa wudhu, makutu timangowapaka ndi zala zonyowa, sitithiramo madzi. Pa nkhani ya mankhwala odonthezera m'khutu mwezi wa Ramadhan, maulama amasiyana maganizo, choncho tifunse Sheikh ndi adokotala m'malo mongosiya mankhwala.

Udindo wa banja ndi mzikiti

Kachipangizo pakokha sikakwanira ngati anthu ozungulira sasintha. Polankhula ndi wosamva bwino, tiyambe tamukodola kuti atiyang'ane, tiime poyera, tizimitse wailesi, ndi kulankhula momveka popanda kukuwa. Akapanda kumva, tinene ndi mawu ena. Tisamuuze kuti "basi zisiyeni", chifukwa mawu amenewa ndi omwe amamutsekera kunja. Ambiri amathandizidwa ndi kuyang'ana milomo, kotero pamalo a amayi okhaokha mlongo wovala nikabu angathandize mnzake poonetsa pakamwa.

Mumzikiti, tiwasiyire malo kutsogolo komwe angaone nkhope ya Imamu pa khutba, ndipo wina awafotokozere mfundo zake swala ikatha kapena awalembere. Masipika am'kati atcheredwe kuti mawu amveke bwino osati kungokula, ndipo ana asakhale pafupi nawo. Ku madrasa, mwana wosamva bwino akhale kutsogolo ndipo mwalimu asalankhule atayang'ana bolodi. Pomwe pali Asilamu osamveratu, komiti ifunefune womasulira chilankhulo chamanja, ndipo achinyamata ena achiphunzire. Dzina loti "gonthi" tilisiye, pakuti Chisilamu chimaletsa kuitanana maina onyoza.

Kusamva sikutseka khomo la maphunzo. Abu al-Abbas al-Asamm wa ku Nishapur, yemwe anamwalira m'chaka cha 957, anali wosamva, koma anaphunzitsa Hadith kwa zaka makumi ambiri ndipo ophunzira ankachokera kutali kudzatenga kwa iye.

Pa 3 Malichi chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira za kumva. Komiti ya mzikiti ingagwiritse ntchito sabata imeneyo kuitana azaumoyo kudzayang'ana makutu a ana a ku madrasa ndi achikulire. Koma mwana amene khutu lake likutuluka mafinya lero asadikire Malichi. Apite kuchipatala sabata ino. Allah atisungire makutu athu, ndipo awafewetsere onse amene akuvutika ndi kumva. Ameen.