Mimbulu ya ku Tembwe

Agogo anga a ku Tembwe anali kunena kuti kale mmbulu unali mdani wa boma. Sindinawakhulupirire mpaka nditawerenga kuti pakati pa 1945 ndi 1959, anchito a boma la Northern Rhodesia anawombera mimbulu pafupifupi 5,000, ati imatha nyama. Nyama za ndani? Za azungu osaka, mwina.

Zinthu zinatembenuka. Mu 1990 bungwe la IUCN linaika mmbulu m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutha, ndipo lero mu Africa yense yatsala ngati 6,600. M'cigwa ca Luangwa coipha kwambiri tsopano si mfuti koma waya. Munthu amachera msampha pofuna nswala ya ndiwo, koma wokodwa n'kukhala mmbulu, popeza umathamanga mitunda italiitali posaka.

Pa chuthi ca August ndinadzipereka kuyenda ndi masikauti a m'mudzi m'thengo la Musalangu. Masiku atatu tinali kuzula mawaya. Msampha wina unali wa msuweni wanga. Ndinazindikira mfundo yake, cifukwa agogo ndiwo anatiphunzitsa tonse awiri. Sindinamuulule, ndipo mpaka lero sadziwa kuti ndinauona.