Mbiri ya Kuunika Kopendekera Kutsogolo

Anzanga aphunzitsi, munthu akachoka ku Longacres mu Lusaka nalunjika ku University Teaching Hospital, apeza pambali pake chipatala cha nthenda ya khansa, Cancer Diseases Hospital, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2007. M'zipatala zotere amachiza anthu ndi cheza champhamvu chosaoneka ndi maso. Komatu odwala ena m'maiko osiyanasiyana, pamene chezacho chilasa m'mutu, amanena kuti aona kuthwanima kwabuluu angakhale atatsinzina. Ndipo anzeru apeza kuti kwina mwa kuunikako kumabadwira m'diso momwemo. Tiyeni titsate mbiri yake, pakuti m'menemo muli phunziro la ngodya loti tingathe kulilemba pabwalo la sukulu.

M'chaka cha 1934, ku Russia, Pavel Cherenkov, wophunzira wa Sergey Vavilov, anali kuyesa madzi osungunuliramo mchere wa uranium powalasa ndi cheza cha radium. Anadabwa poona kuti angakhale madzi oyera opanda kanthu anali kuyaka pang'ono ndi kuunika kwabuluu. Kunali kochepa zedi, kotero kuti asanayambe ntchito ankayamba wakhala mumdima wa bii nthawi yaitali kuti maso ake azolowere. Pakuti chipangizo chake chenicheni chinali diso. Ena anali atakuona kale, monga Lucien Mallet wa ku France m'zaka za 1926 kufikira 1929, koma sanapeze gwero lake.

Cherenkov sanaleke. Mu 1936 anapeza chinthu chimene chinamasula mfundo yonse: kuunikako sikumwazika mbali zonse monga kwa nyali iai, koma kupendekera kutsogolo, kumene chezacho chilinkupita. Mu 1937 Ilya Frank ndi Igor Tamm anafotokoza chifukwa chake.

Chifukwacho ndi ichi. Pamalo opanda kanthu kuunika kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo palibe chinthu chingakupitirire. Koma m'madzi kumachedwa, nikuyenda makilomita 225,000 okha. Tsono cheza cha radium chimathothola m'madzimo tinthu tating'onoting'ono tamagetsi, totchedwa elekitironi, ndipo tina timathamanga koposa kuunika kwa m'madziko. Paliponse kanthu kotere kadutsa, kamadzidzimutsa madzi, ndipo pamenepo pamabuka kafunde ka kuunika kofalikira mozungulira. Popeza kanthuko kamasiya mafunde ake m'mbuyo, mafundewo amakumana m'mphepete mwao, napanga maonekedwe a denga la nkhokwe, nsonga yake ili pa kanthu kothamangako.

Izi muzionetse ana motere. Lembani mzere wa mamita 12 pabwalo, ndi kukhoma zikhomo zinayi: poyambira, pa mamita 4, pa mamita 8, ndi pothera. Mzerewo ndiyo njira ya elekitironi yothamanga pafupifupi liwiro lonse la kuunika. M'madzi, pamene iyo iyenda mamita 4, kuunika kumayenda 3. Chotero mangani chingwe pa chikhomo choyamba ndi kulemba mzere wozungulira wotalikira mamita 9 kuchokera pachikhomopo. Pa chachiwiri mamita 6. Pa chachitatu mamita 3. Kenaka kokani chingwe china kuchokera pa chikhomo chotsiriza, chingokhudza m'mphepete mwa mzere wozungulira waukuluwo. Ana adzaona okha kuti chakhudza yonse itatu. Chitani chimodzimodzi mbali inayo, ndipo denga lija laoneka.

Potsiriza lembani mzere kuchokera pa chikhomo choyamba kufikira pamene chingwe chakhudza. Umenewo ndiwo njira ya kuunika, ndipo ngodya yake ndi njira ya elekitironi ndi madigiri 41. A makalasi apamwamba adzaipeza ndi cosine ya 9 kugawa ndi 12. Kanthu kakachepa liwiro, ngodyayo imachepanso; kakalingana ndi kuunika kwa m'madzi, ngodya itha, kuunikanso kuzima. Potero woyesa ngodya wayesa liwiro la chinthu chimene sangachione.

Oliver Heaviside wa ku England anali atawerengera denga lomweli m'chaka cha 1888, koma anthu sanasamale zolemba zake. Cherenkov, Frank ndi Tamm analandira mphotho ya Nobel mu 1958. Vavilov anali atamwalira mu 1951.

Zipatso za ntchitoyi sizinachedwe. Mu 1955, ku Berkeley m'dziko la America, zipangizo zoyesa kuunikaku zinathandiza kupeza kanthu kotchedwa antiproton. Ku Japan, pansi pa phiri, kuli thanki la matani 50,000 a madzi, Super-Kamiokande, limene linayamba ntchito mu 1996. Denga la kuunika likagunda khoma lake limalemba mphete, ndipo mpheteyo iulula kumene kanthuko kanali kulowera. Pafupi nafe, m'mapiri a Namibia, akalilole aakulu a H.E.S.S. anayamba mu 2002 kugwira kuthwanima kotereku mumlengalenga usiku. Mumpweya kuunika kumachedwa pang'ono pokha, kotero ngodya yake ndi yoposa digiri imodzi pang'ono. Ndiponso ku Dartmouth, ku America, madokotala ndi akatswiri anafalitsa mu 2014 zithunzi za kuunikaku pa khungu la odwala pochizidwa, zoonetsa pamene cheza chagwera.

Ambiri a ife tidandaula kuti sukulu zathu zilibe zipangizo. Nzoona, koma phunziro ili lifuna chingwe, zikhomo zinayi ndi nthaka yosesa bwino basi. Pouza ana mbiriyi musaiwale kuti ena anakuona kuunikaku Cherenkov asanakuone, koma iye anapirira mumdima kufikira anadziwa kumene kulinkupita. Mwana akafunsa funso lotero m'kalasi mwanu, musamtontholetse.