Kukwera ndi Kugwa: Mbiri ya Zithunzi za Zigawenga za ku Amereka

Mtundu uli wonse wa anthu uli ndi nthano zace, ndipo nthano iri yonse iri ndi njira yace imene imayendamo. Mwana wa pamudzi akamva dzina la Fisi amadziwiratu kuti dyera lidzamgwetsa m'tsoka, komabe amakhala cete kumvetsera kufikira nthano itatha. Comweconso anthu a ku Amereka ali ndi nthano yao ya munthu wa mfuti wa m'mizinda ikuluikulu, imene akhala akuikamba m'zithunzi za kanema kwa zaka zoposa 100. Nthanoyo ndi ya mnyamata wosauka amene alemera ndi cifwamba, nakwera kufikira aopedwa ndi mzinda wonse, kenaka nagwa. Oonera amadziwa mathero ace asanakhale pa mpando, koma sanatope nayo.

Kumene nkhaniyi inacokera

M'caka ca 1912 D. W. Griffith anajambula cithunzi cacifupi cochedwa The Musketeers of Pig Alley, ca magulu a anyamata acifwamba a m'makwalala a New York. Koma cimene cinakuza nkhani zotere ndi lamulo la boma. Mwezi wa January 1920 dziko la Amereka linaletsa kufulula ndi kugulitsa mowa, ndipo lamulolo linakhalapo kufikira December 1933. Lamulo linatseka nyumba za mowa, koma ludzu la anthu silinathe. Tsono malonda onse a mowa anagwera m'manja mwa anthu osaopa ndende, amene analikuitanitsa mowa mobisa, kuhonga apolisi, ndi kuphana polimbirana madera ogulitsamo. Wochuka mwa onse anali Al Capone wa ku Chicago. Pa 14 February 1929 amuna 7 a gulu lodana naye anaomberedwa ataimikidwa kukhoma, ndipo nkhaniyo inamveka dziko lonse. Capone anamangidwa m'caka ca 1931 pa mlandu wozemba msonkho, pakuti wa kupha anthu unasowa mboni.

Olemba nyuzipepala ndiwo anatengera nkhanizi ku Hollywood. Mmodzi wa iwo, Ben Hecht, amene anali mtolankhani ku Chicago, analemba nkhani ya cithunzi ca Underworld ca 1927. Nthawi yomweyo zithunzi zinayamba kulankhula, ndipo coyamba colankhula kuyambira poyamba kufikira potsiriza, Lights of New York ca 1928, cinali ca ogulitsa mowa mobisa. Tsopano oonera anamva ndi makutu ao kulira kwa mfuti, kukwecesa kwa matayala a galimoto, ndi kalankhulidwe kamwano ka m'makwalala. Pamene cuma ca dziko cinagwa m'caka ca 1929, anthu miyandamiyanda nacotsedwa nchito, munthu wodzitengera yekha cimene dziko linammana anayamba kuoneka ngati ngwazi.

Zithunzi zitatu zimene zinalambula njira

Zithunzi zitatu zinaturuka motsatana, ndipo pafupifupi zonse zapambuyo zinaponda m'mapazi mwace. Coyamba ndi Little Caesar ca 1931, m'mene Edward G. Robinson ali Rico, mbava ya m'tauni yaing'ono imene ipita ku mzinda waukuru kukafuna dzina. Caciwiri ndi The Public Enemy ca caka comweco, m'mene James Cagney ali Tom Powers, woyamba kuba akali mwana. Cacitatu ndi Scarface ca 1932, cojambulidwa ndi Howard Hawks, m'mene Paul Muni ali Tony Camonte, munthu wofanizidwa ndi Capone mwini wace.

Mayendedwe a nkhani zitatuzi ndi amodzi. Poyamba aoneka mnyamata wopanda kanthu, kawirikawiri mwana wa anthu obwera kucokera ku Italy kapena ku Ireland, amene aona kuti khomo la ulemu lamtsekera. Alowa m'gulu ngati wotumikira, ndipo cifukwa ca kulimba mtima kwace akwezedwa msanga. Kukwerako sikunenedwa ndi mau, koma kumaoneka ndi maso: jekete yong'ambika isanduka suti ya mtengo wapatali, cipewa cikhala catsopano, miyendo isanduka galimoto, ndipo kacipinda ka mdima kasanduka nyumba yosanja. Kenaka acotsa mkuru wace nakhala pa mpando. Pamenepo pacitika phwando, ndipo wodziwa nkhani zotere amazindikira kuti dzuwa lapendeka.

Cofunika kuciyang'anitsitsa ndi cimene cimamgwetsa, pakuti si nzeru za apolisi zokha. Rico ali ndi bwenzi lace la kale, Joe, amene afuna kusiya cifwamba kuti akhale wobvina. Pamene kuyenera kumupha, dzanja la Rico likana, ndipo ufumu wace uyamba kupasuka. Atabisala m'nyumba ya anthu osowa pogona, amva kuti wapolisi wamucha wamantha m'nyuzipepala. Kunyada kumturutsa, ndipo aomberedwa kuseri kwa cikwangwani ca malonda. Tony Camonte apha bwenzi lace lokhulupirika cifukwa ca nsanje pa mlongo wace, osadziwa kuti awiriwo anakwatirana mwa lamulo. Tom Powers ali ndi mkuru wace amene akana ndarama za magazi, ndi mai wace amene sakhulupirira coipa ciri conse ca mwana wace. Ndipo potsiriza, mai akuyala kama mokondwa kuti mwana akubwera kucokera ku cipatala, adani aimika mtembo wace pakhomo, nugwera m'nyumba citseko citatsegulidwa. Khalidwe limene linamkweza munthu, ndilo kusamva za wina ndi kusakhuta, ndi lomwelo limamgwetsa. Akuru akale anati ukakwera pamsana pa njobvu usamati pansi palibe mame. M'caka ca 1948 mlembi wina, Robert Warshow, analongosola kuti cigawenga ca m'kanema cimafa cifukwa capambana, pakuti wopambana amatsala yekha, ndipo wotsala yekha mumzinda wotero sakhalitsa.

Dzanja la oletsa

Atsogoleri a mipingo ndi a boma sanakondwere nazo zithunzizi, poopa kuti ana adzatsanzira. Eni zithunzi anayamba kulemba mau poyambirira ponena kuti colinga cao ndi kucenjeza mtundu, osati kutamanda acifwamba. Scarface cinacedwa kuturuka cifukwa ca makani amenewa. Cinaonjezedwa dzina lina lonena za manyazi a dziko, ndipo panajambulidwa mathero ena m'mene Tony aweruzidwa ndi kupacikidwa. Malamulo a makhalidwe a zithunzi, ochedwa ndi dzina la Will Hays, analembedwa m'caka ca 1930, koma anayamba kuluma mwezi wa July 1934, pamene Joseph Breen anapatsidwa mphamvu yokana cithunzi ciri conse. Lamulo lalikuru linali lakuti wocimwa asapindule, ndipo mtima wa oonera usakokeredwe ku mbali yace.

Eni malonda sanataye mtima. M'caka ca 1935 anamtenga Cagney yemwe uja namveka udindo wa wapolisi wa boma m'cithunzi ca G Men. Mfuti zinali zomwezo, nkhonya zomwezo, koma tsopano zinali za lamulo. M'caka ca 1938, mu Angels with Dirty Faces, nkhawa ya oletsa inalowa m'kati mwa nkhani yeniyeniyo. Wansembe apempha bwenzi lace la ubwana, loweruzidwa kufa pa mpando wa magetsi, kuti lidzionetse lamantha, kuti anyamata olitamanda aleke kulitsanzira. Munthuyo akana, koma pofika pa mpando alira ndi kukuwa, ndipo cithunzi sicinena ngati mantha anali enieni kapena anali mphatso yace yotsiriza kwa anawo.

Zithunzi zolawitsa

Nkhani ya zigawenga imakambidwa kawiri: m'cithunzi ceniceni, ndi m'kacithunzi kakafupi koitanira anthu, kamene Azungu amakacha trailer, ndiko kunena cotsata pambuyo, cifukwa poyamba kanali kuonetsedwa cithunzi cacikuru citatha. Eni nyumba za kanema ataona kuti anthu amaturuka osakaona, anakasunthira kutsogolo, koma dzina linakhala. Mwambowu unayamba ca m'ma 1913 m'nyumba za Marcus Loew ku New York, ndipo kuyambira ca m'ma 1920 kufikira zaka za m'ma 1960 tambiri mwa tizithunziti tinali kukonzedwa ndi kampani imodzi, National Screen Service. Ndico cifukwa cace tinali tofanana kwambiri: malemba akuruakuru odumphira pamaso, mau a munthu wosaoneka olonjeza zoopsa zimene sizinaonekepo, ndi maina a ocita sewero.

Kacithunzi kolawitsa kali ngati cipande ca mowa cimene mai wofulula amapatsa wodutsa: kayenera kuutsa ludzu, osati kulithetsa. Nthawi yace si kawirikawiri kupitirira mphindi ziwiri ndi theka, ndipo kali ndi mayendedwe aceace. Kayamba ndi kuonetsa munthu ndi cimene akhumba. Kaonetsa adani ndi ngozi. Ndipo potsiriza zidutswa zithamanga motsatana, mfuti, galimoto, mkazi, ndarama, kufikira dzina la cithunzi lioneka. Wokonza ali ndi ufulu wosokoneza ndondomeko, kutenga mau a kumapeto ndi kuwaika pa nkhope ya poyamba. Ena anayesa njira zina: kolawitsa ka The Godfather m'caka ca 1972 kanadalira zithunzi zosayenda zotsatana, nyimbo ya Nino Rota ikulira. Koma cinthu cimodzi wolawitsa amacibisa, ndico mathero. Tsono popeza cilango ca cigawenga ciri kumathero, kacithunzi kolawitsa kamagulitsa kukwera kokha, ndipo kugwa kumatsalira amene alipira pakhomo. Phunziro limene oletsa anaumirira liri m'mphindi zisanu zotsiriza, pamene suti ndi galimoto ziri pa cikwangwani, poonekera ali yense.

Cimene oonera anatola

Umboni wa ici unaoneka kutali ndi Amereka. Amuna a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia amene anapita kukagwira nchito ku Joni analidziwa bwino dzina la tsotsi. Ku Sophiatown, mu Johannesburg, kunali gulu lodzicha Americans, lonyadira zobvala za ku Amereka. Cithunzi ca The Street with No Name ca 1948 cinajambulidwa motamanda apolisi a boma, koma anyamata a kumeneko anakonda mkuru wa zigawenga, Stiles, amene Richard Widmark anasewera, natsanzira jasi lace ndi cizolowezi cace cakudya apulo polamula anthu ace. Anthony Sampson, amene anali mkonzi wa magazini ya Drum, analemba za zimenezi. Sikuti kanema ndiye anabala utsotsi. Unabadwa ndi umphawi, ulova ndi malamulo a pasi. Koma kanema anaubveka cipewa, naupatsa kayendedwe. Kwa mnyamata amene wapolisi anali mdani wa tsiku ndi tsiku, kufa kwa Stiles sikunali phunziro, kunali tsoka logwera mnzace.

Lamulo litacoka

Malamulo a Hays anafooka pang'onopang'ono, ndipo m'caka ca 1968 analowedwa m'malo ndi dongosolo losiyanitsa zithunzi monga mwa misinkhu ya oonera. Kuyambira pamenepo panalibe wokakamiza kuti cigawenga cife. Mu The Godfather, ca Francis Ford Coppola, Michael Corleone ayamba ali mwana wabwino wa m'banja, msilikali wobwera ku nkhondo wosafuna nchito za atate wace, natsiriza ali mfumu ya gulu, adani onse ataphedwa. Palibe cipolopolo cimkhudza potsiriza. Koma anama kwa mkazi wace, ndipo citseko citsekedwa pakati pao. Mu Scarface ca 1983 nkhani yakale inabwerezedwa ku Miami, mowa utasanduka mankhwala ozunguza bongo, ndipo Tony Montana afa monga anafera akale. Mu Goodfellas ca 1990, ca Martin Scorsese, Henry Hill apulumuka popereka anzace kwa boma, nakakhala mobisika ngati munthu wamba, cimene iye anaciopa koposa ndende. Ku South Africa, Tsotsi ca 2005, cocokera m'buku la Athol Fugard, cinatembenuza njira: mnyamata wacifwamba apeza khanda m'galimoto imene waba, nalibweza, nadzipereka.

Apa padziwika kuti kugwa sikunali kwa oletsa okha. Anthu okamba nthanoyi, atamasulidwa, anakusungabe, nangosintha maonekedwe ace: kale munthu analipira ndi moyo, pambuyo pace analipira ndi banja, abwenzi ndi dzina. M'caka ca 2019 Scorsese yemweyo anajambula The Irishman, ca munthu amene anapha ambiri, ngakhale bwenzi lace lapamtima, osalangidwa pa imfazo. Anzace onse atatha kufa, iye atsala m'nyumba yosungira okalamba. Adzigulira yekha bokosi la maliro, mwana wace wamkazi akana kulankhula naye, ndipo Khirisimasi itayandikira apempha wansembe kuti poturuka asatseke citseko conse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wolawitsa amaonetsa khungu lofiira, ndipo nyerere amaziona yekhayo amene wakhala pa mpando kufikira nyali zitayaka.