Mbiri ya Chibayo ndi Mankhwala Ake ku Thyolo

Boma la Thyolo limadziwika ndi minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse. Tiyi anayamba kulimidwa kumeneku kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, ndipo esiteti ya Satemwa inatsegulidwa m'chaka cha 1923. Ambiri mwa anthu othyola tiyi anali Alomwe ochokera ku Mozambique. Iwo ankagona mothithikana m'timanyumba ta pa esiteti, nalawirira kumunda mame ali mbuu, ngakhale m'nyengo ya chiperoni. Chibayo chimakonda malo otere. Kachilombo kamene kamayambitsa nthendayi kawirikawiri, kotchedwa Streptococcus pneumoniae, kamakhala m'mphuno ndi kukhosi, ndipo kamafala anthu oyandikana akamatsokomola.

Masiku amenewo kunalibe mankhwala opha kachilomboka. Wodwala ankatemedwa mphini m'nthiti, kwinako n'kungodikira. Zinthu zinasintha pamene penisilini, amene Alexander Fleming anatulukira mu 1928, anayamba kufika m'zipatala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Jakisoni anatchuka kwambiri, ndipo ambiri anaganiza kuti chibayo chagonja. Koma mu 1967 ku Australia kunapezeka tizilombo tosamva bwino penisilini, ndipo mu 1977 madokotala a ku Durban ndi Johannesburg anapeza tina tokana mankhwala angapo nthawi imodzi.

Kuno ku Malawi mankhwala amene anadaliridwa kwambiri ndi Bactrim, popeza ngotsika mtengo. Edzi itavuta, bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito ku Thyolo mu 1997. Kuyambira mu 1999, odwala chifuwa chachikulu amene anapezekanso ndi HIV ankapatsidwa Bactrim tsiku ndi tsiku kuti awateteze ku matenda ena. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2003, zinasonyeza kuti imfa zinachepa. Zimene zinaoneka ku Thyolo zinathandiza boma kufalitsa njirayi m'dziko lonse, ndipo miyoyo yambiri inapulumuka.

Komabe nako kachilombo sikanagone. Bactrim ankaperekedwanso kwa ana odwala chibayo, ndipo ankagulitsidwa m'maokala. Kuwonjezera apo, kuyambira mu 1993 mpaka 2007 mankhwala oyamba a malungo anali Fansidar, amene amagwira ntchito mofanana ndi Bactrim. Motero tizilombo tinkakumana ndi mdani mmodzimodzi kawirikawiri. Tofooka tinkafa, koma tolimba tinkatsala ndi kuswana.

Kodi zimenezi zinadziwika bwanji? Odwala kwambiri a ku Thyolo amatumizidwa ku chipatala cha Gulupu, cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Pachipatalachi pali bungwe lofufuza la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene linakhazikitsidwa mu 1995. Akatswiri ake akhala akusunga tizilombo topezeka m'magazi ndi m'madzi a mumsana a odwala. Mogwirizana ndi a Wellcome Sanger Institute ku England, iwo anayamba kuwerenga DNA ya tizilomboti, ndiye kuti malangizo a chibadwa amene kholo limasiyira mwana.

Ntchitoyi ikufanana ndi ya nkhalamba yolondola mbumba. Monga momwe Mlomwe amatsatira mtundu wake kudzera kwa mayi ndi agogo, katswiri amayerekeza DNA ya tizilombo tiwiri, nadziwa ngati tili pachibale ndiponso kuti tinasiyana liti. Mwa njira imeneyi, mu 2011 akatswiri analondola banja lina la kachilomboka limene linayamba kudziwika ku Spain m'zaka za m'ma 1980, naona momwe linafalikira mpaka ku America, Asia ndi South Africa. Anaonanso kuti kachilomboka kamatha kutola zidutswa za DNA kwa tinzake, ngakhale kusintha chikuto chake, chimene katemera amakazindikira nacho.

Kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti mwa tizilombo 10 tiliwonse timene anatiyeza, toposa 9 sitinkamva Bactrim. DNA inasonyeza pamene panasintha: timagawo tiwiri totchedwa folA ndi folP, tomwe timapanga zimene mankhwalawa amagwira kuti aphe kachilombo. Lero mankhwala oyamba a chibayo cha ana ndi amoxicillin. Mu Novembala 2011 dziko la Malawi linayambanso kupereka kwa makanda katemera woteteza ku mitundu 13 mwa mitundu yoposa 90 ya kachilomboka. Matenda oopsa anachepa, ngakhale kuti mitundu ina ya mu katemerayo inapezekabe m'mphuno za ana a ku Blantyre.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti mankhwala nawo amatha mphamvu ngati khasu logwiritsidwa ntchito pa mwala. Mayi wothyola tiyi amene wagula makapisozi awiri pa okala chifukwa tsiku la malipiro lili kutali sangadzudzulidwe yekha, pakuti umphawi ndi kutalika kwa chipatala ndizo zimamukankha. Koma mankhwala omwedwa mosalongosoka amalimbitsa mbumba ya kachilombo, ndipo mbumbayo idzapeza mwana wa mnansi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga: dokotala, wogulitsa mankhwala, mwini esiteti ndi wodwala, onse ali ndi gawo posunga mankhwala amene atsala.