Mai McClintock ndi Mawanga a Chimanga

Pa nyengo ya masika, pamene amai akhala pa mphasa natonola chimanga, nthawi zina apeza njere yoyera koma yokhala ndi timawanga tofiira kapena takuda, monga ngati munthu anaiwaza utoto. Ambiri aiyang'ana kamphindi naiponya m'lichero pamodzi ndi zinzake, pakuti ufa wake ndi umodzimodzi. Koma ku dziko la Amereka kunali mai wina amene anapenyetsetsa mawanga otere zaka zambiri, kufikira anapezamo chinsinsi chimene ophunzira anzake anachedwa kuchimvetsa zaka makumi atatu. Dzina lao ndi Barbara McClintock.

Mai McClintock anabadwa m'chaka cha 1902 mu mzinda wa Hartford. Atate ao anali dotolo. Amai ao sanafune kuti mwana wamkazi apite ku sukulu yaikulu, poopa kuti akaphunzira kwambiri adzasowa womkwatira. Koma atate anavomera, ndipo mu 1919 namwaliyo analowa sukulu ya zamalimidwe ya ku Cornell. Anatsiriza maphunziro onse mu 1927, ali katswiri wa za zomera, ndipo mbeu imene anaisankha kuti akhale nayo moyo wao wonse inali chimanga.

Kuti munthu amvetse nchito yao, ayenera kuyamba wadziwa ichi. Thupi la chomera chiri chonse limangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono tochedwa maselo, tosaoneka ndi maso koma ndi galasi lokuza zinthu. M'kati mwa selo iri yonse muli tiulusi tochedwa makromozomu, ndipo pa tiulusi timeneti ndipo pakhala malamulo a chibadwa, amene akatswiri awacha majini. Amenewa si majini a mizimu ai, koma zolembedwa zimene mbeu ilandira kwa makolo ake, zolamula kutalika kwa phesi, maonekedwe a njere, ndi zina zonse. Masiku amenewo ophunzira anakhulupirira kuti majini akhala pa ulusi wao monga mikanda yotungidwa, uli wonse pa malo pake, wosasuntha.

Poyamba Mai McClintock anathandiza kulimbitsa chiphunzitso chimenechi. Anakonza njira yabwino yonyikira maselo mu utoto kuti tiulusito tioneke bwino, ndipo mu 1929 anasonyeza m'mene munthu angasiyanitsire makromozomu khumi a chimanga, iri yonse ndi utali wake ndi zizindikiro zake. Mu 1931, pamodzi ndi wophunzira wina, Harriet Creighton, anatsimikiza kuti pamene chomera chikonza mungu ndi mazira ake, ulusi wochokera kwa atate ndi wochokera kwa amai usinthana zidutswa, ndi kuti majini atsagana ndi zidutswazo. Nchito imeneyi inabukitsa mbiri yao pakati pa ophunzira onse a za chibadwa.

Komatu mbiri siinawapezere malo okhazikika, popeza masiku amenewo masukulu akulu sanali kukonda kupatsa akazi mipando ya uphunzitsi. Mu 1936 analembedwa nchito ku sukulu yaikulu ya Missouri, koma ataona kuti sadzakwezedwa konse, anachokako mu 1941. Pomwepo bungwe la Carnegie linawalandira ku Cold Spring Harbor, pafupi ndi mzinda wa New York, nawapatsa kamunda ndi chipinda chopimiramo mbeu. Kumeneko anakhala kufikira imfa yao.

Kalimidwe kao kanali kosiyana ndi ka mlimi wofuna kudzaza nkhokwe. Phesi liri lonse linali ndi nambala yake. Ngaiyaye ndi ndevu za chimanga anali kuzivundikira ndi timatumba ta mapepala kuti mphepo isabweretse mungu wachilendo. Kenaka iwo eni anali kutenga mungu wa phesi limene asankha ndi kuuthira pa ndevu za linzake. Potero anadziwa atate ndi amai a njere iri yonse. Ichi chinali chofunika, chifukwa chitsononkho chokhala ndi njere zoyera ndi zachikasu zosanganikirana sichidabwitsa: kumeneko ndi kusiyana kwa mungu chabe. Chodabwitsa ndi njere imodzi yokhala ndi mitundu iwiri pa iyo yokha.

Kuyambira mu 1944 anayamba kuona kuti m'mbeu zao zina ulusi wachisanu ndi chinai unali kuduka pa malo amodzimodzi. Kanthu kodulitsa ulusiwo anakacha Ds, napezanso kuti sikagwira nchito pakapanda kanzake kamene anakacha Ac. Ndipo mu 1948, polondola mibadwo ya mbeuzo, anaona chinthu chimene chiphunzitso cha mikanda chinakana: Ds ndi Ac sizinali kukhala pa malo amodzi, koma zinali kuchoka pa malo ena ndi kukalowa pena.

Pamenepo chinsinsi cha mawanga chinamasulika. Ds ikalowa pakati pa jini yopanga utoto, jiniyo ileka nchito, ndipo njere ikhala yoyera. Koma Ac ikakhalapo, Ds itha kutulukamo pamene njere irikukula, ndipo selo limenelo pamodzi ndi onse obadwa mwa ilo ayambanso kupanga utoto. Ikatuluka msanga, wanga likhala lalikulu. Ikachedwa, paoneka timadontho tokha. Chotero njere iri yonse inali ngati kalata yonena nthawi imene kanthuko kanasuntha. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Mai McClintock anasindikiza zimenezi mu 1950, nazifotokozanso pa msonkhano waukulu wa ophunzira ku Cold Spring Harbor mu 1951. Sanali munthu wonyozeka, pakuti mu 1944 anasankhidwa kulowa bungwe lalikulu la asayansi a dziko lao, ali mkazi wachitatu kulandira ulemuwo. Komabe ambiri anatuluka mu msonkhanowo osamvetsa. Ena anavomera kuti zoterezi zichitika m'chimanga, koma anaziyesa chilema cha chimanga chokha. Enanso anakana chifukwa maiwo anapitirira kunena kuti tinthu tosunthati ndito tilamula kakulidwe ka thupi lonse. Ndipo kunena zoona, mau amenewa sanatsimikizike monga anawanenera. Poona kuti anthu sali kumva, mu 1953 analeka kutumiza nkhaniyi ku manyuzi a ophunzira, ngakhale kupima mbeu sanaleke. Kuyambira mu 1957 anathandizanso nchito yofufuza mitundu ya chimanga cha makolo ku maiko a pakati ndi a kumwera kwa Amereka, kumene mbeuyi inachokera.

Koma mau a akulu akoma akagonera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'zaka za m'ma 1970, ophunzira ena anapeza tinthu tosuntha totere m'tizirombo ta mabakiteriya, naona kuti tina tinyamula mphamvu yokana mankhwala. Anatipezanso m'yisiti ndi m'tintchentche ta zipatso. Mu 1983 Nina Fedoroff ndi anzake anatha kupatula Ac ndi Ds m'chimanga mwenimweni, ndipo chaka chomwecho Mai McClintock, ali ndi zaka 81, analandira mphotho ya Nobel ya zamankhwala. Iwo ndiwo mkazi woyamba kuilandira mphotho imeneyo payekha, wosagawana ndi wina. Anamwalira mu 1992 ali ndi zaka 90.

Umboni woposa unadza iwo atapita. Mu 2009 ophunzira anatsiriza kuwerenga zolembedwa zonse za chibadwa cha chimanga cha mtundu wa B73, ndizo zilembo zokwana ngati mabiliyoni 2.3. Anapezamo majini opitirira 32,000. Koma magawo ngati 85 mwa magawo 100 a zolembedwazo anali tinthu tosuntha ndi zotsalira zake. Chimene chinayesedwa chilema chinapezeka kuti ndicho gawo lalikulu la mbeuyo. Ngakhale mwa munthu, pafupifupi theka la zolembedwa za chibadwa ndi lotero.

Ndiponso mu 2011 John Doebley ndi anzake anasonyeza chinthu china. Chimanga chinachokera ku udzu wa kuthengo wa ku Mexico wochedwa teosinte, umene uli ndi nthambi zambiri ndi tingala tating'ono. Chimodzi mwa zifukwa zimene chimanga chimera phesi limodzi lolimba ndicho kanthu kosuntha kamene kanakhala pafupi ndi jini yoletsa nthambi, nikaionjezera mphamvu. Ndipo alimi akale, zaka zikwi zambiri zapitazo, anasunga mbeu zoterozo chifukwa zinawakomera. Chotero phesi limene liima m'munda wa ku Dowa kapena ku Chipata, ndi nsima imene ituluka m'menemo, ziri ndi mangawa kwa tinthu timene Mai McClintock anayamba kutiona pa njere ya mawanga.