Tikiti Yopita ndi Tikiti Yobwerera

Phalula ndi malo a malonda amene ali pa msewu waukulu pakati pa Zalewa ndi Chingeni, m'boma la Balaka, lomwe kufikira chaka cha 1998 lidali mbali ya boma la Machinga. Ndi dera lotentha, la milambe ndi thonje. Masiku ano pamadutsa mabasi usana ndi usiku, ena mwa iwo atanyamula anyamata a ku Mangochi, Machinga ndi Balaka opita ku South Africa kudzera pa chipata cha Mwanza. Agogo a anyamata amenewa adayendanso ulendo womwewu, ndipo ambiri adauyenda pa njanji. Chakum'mawa kwa Phalula kuli masiteshoni a Utale ndi Nkaya, chakumpoto kuli Balaka. Kumeneko munthu wopita kunja ankakumana ndi funso limene likuvutabe apaulendo mpaka lero: kodi nkwabwino kuguliratu tikiti ya ulendo wonse usananyamuke, kapena kumagula pang'onopang'ono m'njira? Mbiri ya njanji ya dziko lino ili ndi yankho lake.

Njanji yoyamba idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. Patapita zaka zowerengeka idatalikitsidwa kumwera mpaka pa Chindio, m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi. M'chaka cha 1922 kampani ya Trans-Zambezia idatsegula njanji ina yochokera tsidya lina la mtsinjewo kukafika pa Dondo, pafupi ndi Beira. Pakati pa njanji ziwirizi padali madzi. Apaulendo ankatsika pa Chindio nawoloka pa sitima yapamadzi, ndipo madzi akachepa m'chilimwe, kapena akasefukira m'dzinja, ankachedwa pa gombe tikiti ili m'thumba.

Zinthu zidasintha m'chaka cha 1935. M'chaka chimenecho udatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, pakati pa Sena ndi Mutarara, ndiponso njanji ya kumpoto yochokera ku Blantyre kudzera ku Utale ndi ku Balaka idafika ku Salima. Kuyambira pamenepo munthu wa ku Phalula akadatha kuyenda pansi mpaka ku Utale, nakwera sitima, nafika ku Joni pa njanji yokhayokha. Ulendo wake udali wozungulira: ku Limbe, ku Dona Ana, ndi pa Dondo pamene ankasintha sitima, kenaka ku Umtali, kumene lero ndi Mutare, ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ku Bulawayo, ku Francistown, ku Mafeking, ndipo potsiriza ku Johannesburg. Adali maiko asanu, njanji za eni ake osiyanasiyana, ndipo pa malire alionse pankafunika chitupa.

Kwa Azungu a nthawi imeneyo kuguliratu tikiti kudali nkhani ya pogona. Munthu ankalembetsa dzina masiku akadalipo kuti amsungire bedi m'bogi ya kalasi yoyamba. Anthu akuda ankakwera mabogi a mabenchi a matabwa, mmene tikiti sinkatchula mpando. Wofulumira ndiye ankapeza pokhala, wochedwa ankakhalira katundu wake. Chimene chinkawasowetsa tulo iwo chidali ndalama. Munthu wochoka pamudzi chifukwa chosowa ndalama ya msonkho akadaipeza kuti ndalama ya ulendo wa maiko asanu? Padali njira zitatu, ndipo iliyonse idali ndi mtengo wake.

Njira yoyamba idali ya selufu, ndiko kuti ulendo wodzilipirira wekha popanda pangano ndi munthu aliyense. Wa selufu ankagulitsa mbuzi kapena thonje, nagula tikiti yofika pamene ndalama yake idathera. Amene adalibe ngakhale yochepayo ankayenda pansi kudzera ku Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka ku Mtoko, ndipo sitima ankakaikwerera ku Salisbury. Akafika pamalo ankagwira ntchito miyezi ingapo pa famu ya fodya kapena pa mgodi waung'ono, nasunga za tikiti ina, napitirira. Umu ndi mmene adayendera Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene adachoka kwawo m'chaka cha 1915, nagwira ntchito ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, nafika ku Cape Town m'chaka cha 1918, kumene chaka chotsatira adayambitsa bungwe la apantchito la ICU. Dr. Hastings Kamuzu Banda nayenso adanyamuka wapansi ali mnyamata, nayamba wagwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley asanafike ku migodi ya ku Johannesburg.

Ubwino wa selufu udali ufulu. Munthu ankasankha yekha kopita, ndipo ambiri amene adaphunzira m'sukulu za mishoni adapeza ntchito za ukalaliki, za kukhitchini ndi za m'mahotela, zopepukirapo kuposa za pansi pa mgodi. Zoopsa nazo zidali zambiri. M'njira mudali achifwamba ndi zilombo, ndipo pa mtsinje wa Limpopo padali anthu odikira alendo otopa kuti awatengere ku mafamu a malipiro ochepa. Kuwonjezera apo, m'chaka cha 1913 boma la South Africa lidaletsa migodi ya golide kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, kotero kuti Anyasa ambiri ankalowa m'dzikomo mozemba.

Koma choopsa chachikulu cha selufu chinkaoneka patapita zaka. Wa selufu adalibe tikiti yobwerera. Ankati ndalama yake idzapezeka mwezi wamawa, mwezi wamawa nkukhala chaka chamawa. Wina ankachita manyazi kubwera chimanjamanja pamaso pa apongozi; wina ankakwatira komweko, ana nkubadwa, mtengo wa tikiti nkuwirikiza. Anthu otere kumudzi adawatcha matchona. M'chaka cha 1935 komiti ya boma yotsogozedwa ndi Travers Lacey idapeza kuti anthu a Nyasaland pafupifupi 120,000 adali kunja, ndipo idadandaula za midzi yotsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba. Mbumba zambiri zidakula popanda mwini mbumba. Kadalie adamwalira ku East London m'chaka cha 1951. Dr. Banda adabwerera m'chaka cha 1958 patatha zaka zoposa 40. Zikwizikwi za ena sadabwerere konse, ndipo zidzukulu zawo zilipo mpaka lero m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe, zina zikuvinabe gule wamkulu koma osadziwa njira ya kumudzi kwa agogo awo.

Njira yachiwiri idali ya ulendo wosalipira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia lidaika malole onyamula anthu ofuna ntchito, pamodzi ndi misasa ya chakudya m'njira, ndipo anthu adautcha ulendowu Ulere. M'chaka cha 1946 lidakhazikitsidwanso bungwe lolemba anthu ntchito limene kuno lidadziwika ndi dzina loti Mthandizi. Maina onse awiri ndi okoma m'khutu, koma cholinga chake chidali chakuti anthu athere m'mafamu ndi m'migodi ya Rhodesia, mmene malipiro adali otsika, asapitirire ku Joni. Wolembedwa ndi Mthandizi sankasankha bwana. Ankapita kumene wamtumiza, kawirikawiri ku famu imene anthu a selufu adaikana. Walira mvula walira matope. Ochenjera ena ankakwera Ulere mpaka pamene udathera, kenaka nkuzemba usiku kulowera kumwera.

Njira yachitatu, imene idatchuka kuposa zonse, idali ya Wenela, bungwe la eni migodi ya golide ya ku South Africa, limene lidaloledwanso kulemba anthu m'dziko lino m'zaka za m'ma 1930. Apa ndi pamene tikiti yokonzeratu idafika pachimake. Munthu akapimidwa ndi dokotala nadinda chala pa pangano, ulendo wonse udali wokonzedwa kale: chakudya, pogona, sitima, ndi kubwerera komwe. M'zaka za m'ma 1950 Wenela idayamba kunyamula anthu pa ndege kupita ku Francistown, kumene ankakwera sitima ya ku Johannesburg. Dzina lake lidatsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Gawo lina la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandirire kuno kumudzi. Chifukwa cha zimenezi anthu a Wenela ankabwerera, ndipo ankatsika pa Balaka ndi mabokosi achitsulo, mabulangeti, wailesi, ndi ndalama ya njinga kapena ya malata.

Mtengo wa tikiti imeneyi sunkalembedwa pa tikiti. Udali m'pangano. Munthu ankadzimanga mpaka zaka ziwiri pa mgodi umene sadasankhe, pa malipiro amene sakadatha kukambirana, akugona m'komboni ya amuna okhaokha. Kusiya ntchito pangano lisanathe udali mlandu. Ambiri adabwera ndi chifuwa cha fumbi la mgodi chimene chidawatha pang'onopang'ono ali kumudzi.

Ndipo ngakhale ulendo wokonzedwa bwino chotere udali ndi tsoka lake. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka pa Francistown nipha anthu 78. Mwa iwo 74 adali Amalawi amene adatsiriza pangano lawo ndipo ankabwerera kwawo. Boma la Malawi lidaimitsa kulemba anthu, pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa, ndipo m'zaka ziwiri pafupifupi onse adabwezedwa kumudzi. Kulemba kudayambiranso m'chaka cha 1977 koma kwa anthu ochepa, ndipo kudatheratu m'chaka cha 1988 maiko awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza magazi a ofuna ntchito ngati ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi.

Njanji nayo idakumana ndi zake. M'chaka cha 1970 idatsegulidwa nthambi yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, yolumikiza dziko lino ndi doko la Nacala. Koma m'mwezi wa Malichi 1976 dziko la Mozambique lidatseka malire ake ndi Rhodesia, ndipo njira ya pa Dondo yopita ku Salisbury idaduka. Nkhondo ya ku Mozambique idaimitsa sitima za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, ndipo m'chaka cha 1986 mlatho wa Dona Ana udaphulitsidwa. Njanji yatsopano yochokera ku Moatize, imene imadutsa m'maboma a Neno ndi Balaka nilumikizana ndi yakale pa Nkaya, idatsegulidwa mwamwambo m'chaka cha 2017, ndipo idamangidwira malasha. Apaulendo opita ku Joni adasamukira ku mabasi odzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge.

Nanga wapaulendo wa lero angatolepo chiyani? Za mpando ndi zapafupi. Pa ulendo wautali wogona m'njira, monga wa njanji ya Tazara ya makilomita 1,860 pakati pa Kapiri Mposhi ndi Dar es Salaam, mabedi ndi owerengeka, ndipo wofuna bedi ayenera kulembetsa masiku akadalipo. M'maiko ambiri a ku Ulaya tikiti ya sitima yothamanga imakwera mtengo tsiku la ulendo likamayandikira, koma yotsika mtengoyo kawirikawiri siisinthika ulendo ukasokonekera. Pa sitima za mtunda waufupi tikiti ya pawindo tsiku lomwelo imakwanira. Wosadziwa afunse, pakuti safunsa adadya phula.

Zazikulu ndi ziwiri, ndipo zonse zikuchokera kwa agogo aja. Choyamba, tikiti imene wina wakulipirira ili ndi chingwe, ndipo munthu ayenera kuona kumene chingwecho chamangidwa asanakwere. Mthandizi adatha, koma alipobe anthu onyamula anzawo pa ngongole kupita ku Joni, amene amagwira pasipoti mpaka abale atalipira. Amayi ena a dziko lino amene adalipiriridwa ulendo wokagwira ntchito za m'nyumba ku Oman adavutika kwambiri kuti abwerere. Chachiwiri, tikiti yoyenera kuguliratu koposa zonse ndi yobwerera, kapena ndalama yake isungidwe m'manja mwa munthu wokhulupirika kumudzi. Mmalawi wolowa mu South Africa ngati mlendo amapatsidwa masiku 30, ndipo masiku amenewo sachedwa kutha. M'zaka za 2008 ndi 2015, pamene alendo ankamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'dzikomo, Amalawi ambiri adathawira m'misasa opanda ndalama yobwerera, mpaka boma lidachita kutumiza mabasi kukawatenga.

Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mnyamata wa ku Phalula akaitana amalume ake kuti atsanzike, pamakhala mafunso a kumene akupita, amene akamlandire, ndi ntchito imene akagwire. Mbiri ya Utale, Nkaya ndi Balaka ikuwonjezera funso lina limene amalume asaiwale kufunsa basi isanaime pa msewu: mphwanga, zikakavuta kumeneko, ya tikiti yobwerera ili kuti, ndipo waisungitsa kwa yani?